Ukonde Wopanda Msoko

Ayi, sikuti sindinkafuna kupita. Ambiri amaganiza choncho, ngakhale mlongo wanga weniweni anaganiza choncho miyezi iwiri yathunthu, kuti achimwene nyanja yawakomera, amayi awo awaiwala. Ndinkafuna. Chikwama chinali chomangamanga pansi pa bedi. Koma kuti mumvetse chimene chinandigwira mwendo, ndiyambire pa tabuleti ija, chifukwa mukangomva kuti bambo wamkulu, wa ana anayi, analephera kukaona amayi ake odwala chifukwa cha kachipangizo kokwana m'jumbo, mukhoza kundiseka. Enanso anandiseka.

Ine sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, kwathu ku Namwera. Kunyanja kuno ndinabwera kudzakoka chilimira, ukonde waukulu uja wa usipa, ndipo msana utayamba kuvuta ndinatsala pamtunda n'kumasoka maukonde. Ntchito yanga yeniyeni ndi imeneyo. Ndiye chaka china pa doko lathu, cha ku Nkhudzi kuno, panabwera bungwe lina ndi nkhani yoti asodzi azilandira uthenga pa foni mwera ukamabwera. Mukudziwa mmene mwera umachitira miyezi yozizira. Nyanja ili phee, anthu akankha maboti, kenaka yatembenuka. Anabweretsa tabuleti, sola yotchajira, ndi bambo wina wa magalasi amene anapanga pulogalamu yake. A komiti ya pa doko anasankha ine kuti ndiziigwira, poti ndimakhala pansi pa shedi tsiku lonse, ndipo kuwerenga ndimatha ndithu, bola osandithamangitsa.

Ndisaname, ndinanyada. Ndinaisokera kathumba ka nsalu.

Mmene inapangidwira zinali chonchi. Umalemba boti. M'kati mwa botimo umalemba mwini wake ndi nambala yake ya foni. Kenaka alovi, anthu okoka ukonde aja, mmodzimmodzi, dzina, mudzi, n'kumujambula. Uthenga wa nyengo unkafika cha m'ma leveni koloko. Ukakhala woipa umadina batani lobiriwira, uthenga n'kupita ku foni za eni maboti onse. Pomva zinali bwino.

Koma bambo wa magalasi uja sanakhalepo pa doko ngakhale sabata imodzi. Iye ankaona ngati boti ndi banja, munthu aliyense ali ndi lake limodzi. Kuno mlovi lero ali m'boti ili, mawa wakangana ndi mnzake wakwera lina, mkuja wapita ku Makanjira kutsatira usipa mwezi wathunthu. Ndipo mwini boti sapita panyanja. Wina amakhala ku Mangochi boma, ali ndi golosale. Uthenga wa mwera ukamupeza iye akugulitsa sopo, wathandiza ndani? Foni imene imapita panyanja ndi ya aliyense amene tsiku limenelo batire lake lili ndi moto. Amaikulunga m'jumbo n'kuiponya m'chidebe.

Ndiye tsiku ndi tsiku pankafunika kusintha, ndipo apa m'pamene panali msampha. Zonse zinali zogwirana. Kuti mlovi umusamutse, unkayenera kumufufuta n'kumulembanso m'boti linalo kuyambira poyamba, ndi chithunzi chatsopano. Boti likaperewera munthu mmodzi linkasanduka lofiira. Boti limodzi likafiira, batani lotumizira lija linkazima, osati la boti limenelo lokha, la onse. Munthu mmodzi wapita kumaliro kwawo, doko lonse lisamve za mwera. Ndinawauza a bungwe aja, anati akonza. Ndinawauzanso, anati zili m'njira. Kenaka ntchito yawo inatha, galimoto yawo yoyera inasiya kubwera, nambala ya bambo wa magalasi inasiya kugwira. Tinangomva kuti anapita kunja.

Chaka chachiwiri kamera ya tabuletiyo inayamba kuchita nkhungu. Mchenga, chinyezi, kaya. Ndinaona kuti ikangofa sindidzathanso kulemba munthu watsopano, maboti adzafiira, uthenga sudzapita. Ndinakhala pansi n'kumadzifunsa kuti kodi chithunzi cha munthu ndi mphepo ya panyanja zikugwirizana pati? Koma m'menemo zinali zomangidwa chingwe chimodzi.

Ndiye ndinachita zanga. Kamera isanafe ndinalemba anthu oti kulibe. Mayina enieni inkakana kuwalandira kawiri, choncho ndinkajambula chilichonse chili pafupi n'kuchipatsa dzina lake lomwelo. Beseni. Nkhafi. Chidebe. Tambala wa a neba amene amabwera kudzatola usipa pansi pa thandala loyanikapo. Boti lililonse ndinalidzaza alovi oterewa, oti sakangana, sapita kumaliro, kuti lisafiire. Chinatsala ndi nambala. Nambala ya mwini boti inkakana kusinthidwa, kupatula malo amodzi okha amene ndinawatulukira mwangozi: pa tsamba logulitsira boti. Boti likagulitsidwa, inkafunsa nambala ya wogula.

Kuyambira pamenepo masana alionse ndinkagulitsa maboti. Ndinkayenda pa doko kufunsa kuti lero foni yapita ya ndani, n'kubwerera pa shedi. Beseni agulitse kwa Nkhafi, ndilembe nambala yalero. Nkhafi sangagule asanagulitse lake, ndiye ayambe wagulitsa kwa Tambala. Nambala imene dzulo inali m'boti lina siingalowe muno isanachotsedwe uko. Zinali ngati bawo, ukayamba dzenje lolakwika zonse zasokonekera, tabuleti iuma, uizimitse, uyambirenso. Ine ndinazolowera, zala zinkangoyenda zokha. Koma zonsezo zinali m'mutu mwanga mokha.

Ndipo zinkagwira ntchito, ndicho chinandipweteka. Anthu anayamba kudalira. Maboti amanyamuka kuyambira cha m'ma thuu mpaka folo, ndiye kuyambira leveni mpaka boti lomaliza litachoka ine ndinkayenera kukhala pamenepo. Tsiku lililonse. La Ijuma ndinkaswali mtima uli ku shedi, shehe akangomaliza ine ndavala kale nsapato. Ukwati wa mwana wa mlamu wanga ku Monkey Bay ndinangopita m'mawa kukaonekera, mpunga sindinadye.

Ndinayesa kuphunzitsa ena. Mkazi wanga anakana poyera, anati iye sangagwire chinthu choti chikalakwika amuna a eni ake amira, anthu n'kumamuloza. Amene anavomera ndi wachiwiri kwa wapampando wa komiti, mdala wina amene kale anali siginala, woyatsa nyali uja amene amauza alovi poponya ukonde. Munthu wanthabwala, nyanja amaidziwa kuposa tonse. Ndinawalembera zonse m'kope. Anawerenga, anawerenganso, n'kunena kuti, "Iwe, ine zaka zonsezi boti langalanga ndilibe, koma tambala ali ndi lake?" Tinaseka. Koma akagwira tabuleti ankasokoneza podina.

Mwezi wa Meyi ukutha, mlongo wanga anaimba. Anati amayi miyendo yatupa, chakudya akungolawa. Kuchipatala anapita, anawapatsa mankhwala, anabwerera. Ife tinabadwa awiri, mwamuna ndine ndekha, ndiye kwathu kuja nkhani ngati imeneyi imadikira ine. Ndinamuuza kuti ndibwera sabata yamawa. Sabata yamawa mwera unayamba. Ndinati ukangodukiza. Sunadukize.

Ku Namwera sikutali kwenikweni, ndikudziwa. Minibasi mpaka ku boma, kuoloka mlatho, kenaka kukwera mapiri aja. Koma sungapite ndi kubwerera leveni isanakwane. Ndipo munthu sungafike pa mphasa ya amayi ako odwala, kuwagwira dzanja, n'kunena kuti ndapita, maboti akundidikira.

Pakati pa Juni ndinalimba mtima. Masiku atatu ndinakhala ndi a siginala aja, kubwereza, kubwereza. Tsiku lachinayi ndinawasiyira tabuleti ndi kope, ndinatenga chikwama. Ndinamuimbira mlongo wanga kuti ndanyamuka, anati amayi amva, anena kuti aphe nkhuku.

Ndinafika ku boma bwinobwino. Ndili pa depoti kudikira galimoto ya ku Namwera, foni inalira. A siginala. Anati uthenga wabwera, ndi woipa, mwera wamphamvu kuyambira madzulo, koma maboti onse afiira, batani lazima. Anagulitsa boti kwa munthu amene anali kale ndi boti, poyesa kubweza anafufuta wina. Ndinayesa kuwalondolera pa foni pomwepo. Ndaima pakati pa anthu, oitanira akukuwa, ine ndikukuwanso kuti Beseni agulitse kwa Tambala, ayi, Chidebe ayambe wachoka. Mayi wina wogulitsa nthochi anasuntha dengu lake kunditalikira. Mayunitsi anatha tisanafike pena paliponse.

Ndinayang'ana ku mlatho, ndinayang'ana msewu umene ndinadzera. Ndinakwera minibasi yobwerera. Inatenga nthawi kuti idzaze, ndipo ine ndinakhala pampando wakumbuyo chikwama pamiyendo, ndikuwerenga mipando yopanda anthu.

Ndinafika folo itadutsa. Mdala uja anachita zanzeru, anasiya tabuleti n'kuyenda doko lonse ndi mwendo kuuza anthu pakamwa, ndipo ambiri sanapite. Koma maboti atatu anali atalawirira, ankapita kutali. Ndinakonza, ndinatumiza. Awiri uthenga unawapeza, anabwerera. Lachitatu linali litapitirira pamene netiweki imafika.

Linapezeka m'mawa mwake cha ku Monkey Bay. Anthu onse amoyo, Alhamdulillah, koma ukonde anachita kuudula n'kuutaya kuti boti lisamire, ndipo mmodzi anagonekedwa kuchipatala chifukwa cha kuzizidwa. Mkazi wake anabwera pa shedi. Ndinkayembekezera kuti anditukwana, mwina zikanandipepukira. Sanatukwane. Anakhala pansi, anandipatsa moni, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Achimwene, tsiku lina mukafuna kuyenda muzitiuza, amuna athu asamapite."

Mawu amenewo ndi amene anatseka chitseko. Anthu asapite kukagwira ntchito chifukwa ine ndayenda? Adya chiyani? Madzulo ake ndinamuimbira mlongo wanga kumufotokozera. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anangoti nkhuku ija adya okha, amayi anamwako msuzi pang'ono, ndipo anafunsa kawiri ngati galimoto za kunyanja zasiya kuyenda.

Chikwama ndinachibwezera pansi pa bedi osamasula.

Masabata otsatirawo sindikudziwa ndingawafotokoze bwanji. Panalibe chondimanga chooneka. Msewu uli pomwepo, minibasi zikudutsa, kondakitala akuitana kuti boma, boma. Ine ndili pansi pa shedi, ukonde pamiyendo, tabuleti pambali. Nthawi zina ndinkaganiza zongoiponya m'madzi, tibwerere mmene tinkakhalira kale, kuyang'ana mitambo ndi kumvera mafupa a madala. Koma kale lomwelo ndi limene tinkakwirira anthu. Ndinkaganizanso kuti mwina ndine ndinalakwa, ndikanaisiya kuti ingofa yokha kamera itafa, bwenzi anthu atapeza njira ina. Ndinaipulumutsa, ndiye inandigwira. Kaya.

Amene anandithandiza sanabwere kudzandithandiza. Pali mayi wina wachikulire amene amagula usipa pa doko lathu kukagulitsa ku Limbe. Ulendo umenewo mwendo unkawavuta, ndiye anabwera ndi mwana wawo wamkazi, mayi wamkulu ndithu, wa mwana mmodzi, kuti awathandize kunyamula. Usipa unali usanaume, choncho anakhala pa shedi pathu kuthawa dzuwa. Ine ndinali pakati pogulitsa maboti, ndipo ndili ndi chizolowezi cholankhula ndekha ndikamagwira ntchito. Mwana wawo uja anamvetsera, anamvetsera, kenaka anafunsa mwaulemu kuti pepani bambo, tambala ameneyu akugula boti ndi ndani?

Ndinamuonetsa. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi mpango. Nditafika pa boti lachitatu lija ndi za amayi, anasiya kuseka. Anati iye ntchito yake ku Blantyre ndi yomweyi, kupanga mapulogalamu. Ndinamupatsa tabuleti ndi manja awiri kuti achemwali, ndikonzereni.

Anaiyang'ana nthawi ndithu, uku akundifunsa mafunso. Kenaka anandibwezera. Anati sangathe. Zolemba za m'kati, zimene pulogalamu imapangidwira, anapita nazo mwini wake, pano pali chophikaphika chokha. Ndipo anati ngakhale akanakhala nazo, sakanayamba ndi kukonza chimenechi. Analoza ukonde umene unali pamiyendo panga n'kufunsa kuti ukang'ambika kwambiri ndimatani.

Apo ndiye anafika kwathu. Ndinamuuza kuti chilimira si nsalu imodzi. Ndi zidutswa. Cha pakati chili ndi maso ang'onoang'ono, za m'mbali maso akuluakulu, chilichonse ndi ntchito yake, ndipo timazilumikiza ndi msoko. Chidutswa chikaola, umatsata msoko, kumasula, kuchotsa, kuikapo china. Zinazo suzikhudza. Ndinamugwiritsa msoko ndi chala kuti aumve.

Anati, "Ndiye chinthu chanuchi anachiluka ndi ulusi umodzi kuyambira uko mpaka uko. Chilibe msoko. Mukakoka pa kamera, pa uthenga pakungika. Ndipo paliponse pamene chinang'ambika, chigamba chake mwakhala inuyo. N'chifukwa chake simungachoke."

Miyezi yonseyi ndinkaona ngati vuto ndi kusaphunzira kwanga, kuti wina wa sukulu akanadziwa podina.

Kenaka anandifunsa kuti pa zonse zimene tabuletiyi imachita, chimodzi chokha chimene sichiyenera kulephera n'chiti. Ndinayamba kunena za mayina a alovi. Anati ayi, mayina akasowa amira ndani? Ndinati maboti akhale olembedwa. Anati boti lolembedwa silimira? Anandizunguza choncho mpaka ndinatopa n'kunena kuti uthenga ufike pa foni imene ili panyanja, basi. Anati eya, basi. Ndiye chotumiza uthenga chisadziwe dzina la munthu, chisadziwe boti, chisadziwe nkhope. Chizingopatsidwa zinthu ziwiri, mawu oti chitumize ndi manambala alero.

Anajambula pamchenga ndi kamtengo mabokosi atatu. Loyamba lolandira za nyengo. Lachiwiri losunga manambala a tsiku limenelo. Lachitatu lotumiza. Pakati pake anajambula timizere, anati iyi ndiyo misoko, ndipo pa msoko pamadutsa chinthu chimodzi chodziwika, china chilichonse ayi. Bokosi lina likafa, munthu akhoza kuima m'malo mwake tsiku limenelo, enawo osadziwa n'komwe. Ndinamufunsa kuti zonsezi aluka yekha? Anati ayi, monga inu simuluka ukonde, mumagula zidutswa zoluka kale. Zotumiza mauthenga zilipo kale, zosunga manambala zilipo kale, zoyesedwa ndi anthu ambiri. Ntchito yake ndi kusankha ndi kusoka.

Panatsala bokosi lapakati. Manambala alero azilowamo bwanji popanda ine kuyenda doko lonse? Iye ankaganiza zoti asodzi azitumiza uthenga wolemba. Ndinamuuza kuti iwalani, theka la alovi salemba, ndipo mayunitsi sakhala nawo. Ndiye ndinakumbuka chimene ndimaona masana alionse. Munthu akamakwera boti, asanakulunge foni m'jumbo, amafulasha mkazi wake, kungoliza kamodzi n'kudula, kuti adziwe kuti wanyamuka. Aliyense amachita zimenezo, sizidya yunitsi. Ndinati bwanji azifulashanso nambala ya pa doko? Anandiyang'ana, anati zimenezo iye sakanaziganiza, ndipo n'zosavuta kuposa zake.

Usipa unauma, ananyamula, anapita. Anati ndimupatse masabata awiri, poti azichita akaweruka kuntchito. Ndinavomera ndi pakamwa pokha. Paja a galimoto yoyera aja nawonso ankati abwera.

Masabata awiriwo anali oipa kuposa onse. Mlongo wanga anasiya kundifunsa kuti mubwera liti. Ankangonena mmene amayi agonera, n'kudula. Tsiku lina anawapatsa foni amayi. Mawu anali ang'ono ngati a mwana. Sanadandaule. Anandifunsa ngati msana ukundivutabe, anati ndizivala juzi poti kunyanja kumazizira. Ndinati ndibwera posachedwa, anati Inshallah. Nditadula ndinapita kukagulitsa boti la Nkhafi kwa Chidebe.

Mayi wa ku Blantyre uja anabwera. Loweruka lachitatu, osati lachiwiri, koma anabwera, yekha, pa minibasi. Anatulutsa foni yakale yosweka galasi, anati iyi izikhala m'bokosi pa shedi, pa sola, ntchito yake kungolandira mafulashi. Aliyense wofulasha, nambala yake yalowa m'gulu la lero, mawa m'mawa gululo lifufutika lokha. Uthenga wa nyengo ukafika, munthu aliyense wa komiti auone n'kudina kamodzi. A komiti anavomera kuti mayunitsi otumizira aziika iwo.

Chimene chinandidabwitsa n'choti atamaliza kulumikiza anayamba kuwononga dala. Anazimitsa cholandira za nyengo n'kuuza a siginala kuti alembe okha mawu, mwera, bwererani. Unapita. Anazimitsa foni ya mafulashi n'kuuza mkazi wanga kuti alowetse manambala atatu kuchokera papepala. Mkazi wanga uja wokana uja analowetsa, unapita. Anati akufuna tione ndi maso kuti chimodzi chikafa zinazo sizifa nacho. A siginala anafunsa kuti nanga tambala uja boti lake litani, anati musiyeni nalo, tabuleti yakaleyo isungeni ngati mukufuna mayina, koma uthenga usadzadutsenso m'menemo.

Pochoka Lamulungu anandilamula chinthu chimodzi. Masiku atatu ndikhale pa shedi koma ndisagwire kanthu, ndingoyang'ana ena akuchita. Pakapezeka povuta ndimuimbire iye, ndisatseke ndi thupi langa.

Lolemba ndinakhalira manja anga, zenizeni, kuwakhalira. Alovi ena anaiwala kufulasha, a siginala anawakuwira ali m'madzi ofika m'mawondo, anafulasha. Anthu awiri a boti limodzi anafulasha onse, palibe chinafiira. Kunalibe mphepo tsiku limenelo, ndiye sitinatumize kanthu.

Lachiwiri m'mawa, ndikumwa tiyi, mlongo wanga anaimba. Anati, "Achimwene, amayi asiya kulankhula. Sindikukuuzani kuti mubwere. Ndikungokuuzani."

Masiku atatu aja anali asanakwane. Chinthucho chinali chisanayesedwe pa mwera weniweni. Ndipo kum'mwera kunali kutayamba kale timitambo timene a siginala amatiopa. Ndinapita pa shedi ndi chikwama. Mdala uja anandiyang'ana, anayang'ana chikwama, anatambasula dzanja kuti ndiwapatse kiyi wa bokosi. Ndinaugwira kaye. Ndinaganiza za mayi uja anati muzitiuza. Ndinapita kunyumba kwake kukamuuza kuti ndikuyenda. Anafunsa ngati amuna awo apite. Ndinati apite, koma afulashe. Sindikudziwa mphamvu yonena zimenezo ndinaitenga kuti.

Ndili m'minibasi ndinachita chinthu chimene sindinauze munthu. Ndinafulasha nambala ya pa doko, ngati kuti nanenso ndikukwera boti.

Ku boma ndinapeza galimoto ya ku Namwera itatsala anthu awiri. Leveni inadutsa tili pa depoti. Foni ili m'manja, osalira. Ndinkadziuza kuti mwina lero kulibe mphepo, mwinanso zakanika ndipo mdala akuopa kundiuza. Chala chinali pa nambala yawo. Galimoto inanyamuka. Tikukwera mlatho, foni inanjenjemera. Uthenga. Mwera wamphamvu kuyambira madzulo, musapite kutali. Unafika kwa ine monga unafikira kwa wina aliyense amene anafulasha. Ndinauwerenga katatu. Munthu amene ndinakhala naye pafupi anandifunsa ngati ndalandira uthenga wa maliro, ndinati ayi, ndi wa mphepo.

Amayi ndinawapeza. Maso ankatsegula, ndipo ndikukhulupirira kuti anandizindikira, chifukwa anagwira chala changa chachikulu n'kumasisita pamene ulusi wa ukonde unandiumitsa khungu. Koma mawu ayi. Ndinakhala nawo masiku atatu, lachinayi anatisiya. Ndinanyamula nawo jeneza, chithatha chathu cha maliro, ndinalowa m'manda kuwalandira monga mwana wamwamuna. Ndinakhala mpaka sadaka yoyamba itachitika. Masiku onsewo ku doko sanandiimbire ngakhale kamodzi. Ndinachita kuimba ndine, a siginala n'kundiuza kuti ndisawasokoneze, ali pa bawo.

Ndiye mukandifunsa ngati zinatha bwino, sindidziwa choyankha. Ndinafika, inde. Koma miyezi iwiri imene amayi ankalankhula, ankafunsa za galimoto za kunyanja, ine ndinali kugulitsa maboti kwa beseni. Mlongo wanga timalankhulana, koma nkhani imeneyo sitiikhudza. Nthawi zina ndikamasoka ndimaganiza kuti bambo wa magalasi uja sanali munthu woipa, ankafuna kutithandiza. Kungoti anamanga zonse pamodzi n'kuchoka, ndipo chomangidwa choncho chimafuna munthu woti chimudye. Chinapeza ine.

Foni yosweka galasi ija inafa chaka chathachi. Tinagula ina, tinaikamo kadi yomweyo, tinamuimbira mayi wa ku Blantyre uja, anatiuza podina, zinapitirira. Tsiku limene tinalibe foni, mkazi wanga analemba manambala papepala. Ine ndinali ku Monkey Bay kogula ulusi, ndinamva madzulo.

Amene anachita zimenezi dzina lake lenileni sindikuuzani, sanandilole, ndipo iye amati sanachite kanthu, anangosoka. Amabwerabe nthawi zina ndi amayi ake kudzagula usipa. Mukafika pa doko lathu n'kufunsa, aliyense akuuzani dzina limene a siginala anamupatsa, ndi limene tonse timamuitanira: Achemwali a Misoko.